Kodi mankhwala a malungo anachokeradi ku zitsamba?

Funso: Akonzi, mnzanga akuti mankhwala a malungo akuchipatalawa anachokera ku zitsamba, ndiye bwanji osangothyola masamba n'kuwiritsa basi?

Yankho: Pa zochokera ku zitsambazo mnzanuyo sakunama ayi. Kwinini anachokera ku makungwa owawa zedi a mtengo wa cinchona wa kumapiri a Andes, ndipo Pelletier ndi Caventou, akatswiri a zamankhwala a ku France, anamupatula m'makungwamo mu 1820.

Koma nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya mayi Tu Youyou, katswiri wa zamankhwala wa ku China, iwowa ankayesa chitsamba cha Artemisia annua koma zinkakanika, kenako anawerenga zolemba zakalekale za sing'anga wa ku China, Ge Hong, zonena kuti chitsambacho uchiviike m'madzi n'kufinya, apa m'pomwe anatulukira kuti kutentha kumapha mphamvu yake, mu 1972 mankhwala a malungo otchedwa artemisinin n'kupezeka m'chitsambacho. Mphotho ya Nobel analandira mu 2015, taonani kuchedwa kwakeko!

Ndiye zowiritsazo iwalani. Mphamvu ya m'masamba imasiyanasiyana, mlingo simungaudziwe, ukachepa tizirombo totsala timayamba kupirira mankhwala. Thupi likatentha kayezetseni magazi kaye.