Shopu yapsa, ozimitsa moto anachedwa: dandaulo lipite kuti?

Mayi, mwalemba kuti mumakhala ku England, shopu yanu ya zakudya inapsa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, ndipo galimoto yozimitsa moto inafika denga litagwa kale. Alamu anu akuti mudekhe chifukwa khansala wa kwanuko analonjeza kukaiyankhula nkhaniyi ku komiti ya khonsolo yoyang'anira ozimitsa moto. Mukufunsa ngati khonsolo ingakulipireni.

Musadikire msonkhano wa komitiyo. Alamu anuwo akukufunirani zabwino, koma malangizo awo ndi omwe ndawaona akugwetsa madandaulo a anthu amene anali ndi mfundo zomveka.

Komiti ya makhansala imaunika bajeti, mapulani a komwe kukhale masiteshoni, ndi nthawi imene magalimoto amatenga kuti afike pamalo a ngozi m'dera lonse. Sigamula nkhani ya munthu mmodzi ndipo sipereka chipukutamisozi. Khansala akhoza kuimirira, n'kutchula shopu yanu mokhudzika, mlembi n'kuzilemba m'maminitsi, koma kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo okhudza makhonsolo ndi mabungwe a ozimitsa moto, zimenezo sizitengedwa ngati dandaulo. Ofesi imeneyi imafuna kuti muyambe mwadandaula mwa kalata kwa eni ake ozimitsa moto, potsata ndondomeko yawo, n'kuwapatsa mpata woyankha, kawirikawiri mpaka masabata 12. Komanso imafuna kuti nkhani iifikire pasanathe miyezi 12 kuchokera tsiku limene munadziwa za vutolo. Miyeziyo siima kuwerengedwa chifukwa choti khansala walonjeza. Yanu isanu ndi iwiri yapita kale. Mukachotsaponso masabata 12 aja, mwatsala ndi kampata kochepa. N'zoona kuti Ombudsman nthawi zina amalandira dandaulo lochedwa ngati pali chifukwa chomveka, koma "ndimadikira khansala" si chifukwa chimene ndingakulimbikitseni kuchidalira. Chimandinyong'onya n'chakuti makhansala ena amazidziwa izi, koma sauza munthu kuti alembe kaye kalata.

Musanalembe, tsimikizani kuti mukulembera ndani. Lamulo la Fire and Rescue Services Act 2004 limaika ntchitoyi m'manja mwa bungwe loyang'anira m'dera lililonse, koma mabungwewa safanana. Ku Norfolk ndi ku Oxfordshire ndi khonsolo yeniyeniyo. Kwina ndi bungwe lapadera la makhansala ochokera m'makhonsolo angapo. Ku Essex, kuyambira 2017, ndi komishonala wochita kusankhidwa amene amaonanso za apolisi, pomwe ku Greater Manchester ndi meya. Kalata yopita ku ofesi yolakwika imatha kungokhala m'fayilo popanda wokuuzani.

Za kukhoti, ndisakunamizeni, njira yake njopapatiza. Pa mlandu wa kampani ya Capital and Counties ndi khonsolo ya Hampshire mu 1997, khoti la apilo linagamula kuti ozimitsa moto sangalipitsidwe chifukwa chongochedwa, ngakhale chifukwa chosabwera kumene. Amalipira ngati iwowo anachita chinthu chokulitsa chiwonongeko. Pa mlanduwo khonsolo inaluza chifukwa mkulu wa ozimitsa moto analamula kuti atseke madzi amene ankawaza okha kuchokera kudenga, moto n'kumaliza nyumba yonse. Mwa zimene mwalemba, nkhani yanu ndi ya kuchedwa kokha, choncho mwayi wopambana ndikuuona wochepa, pokhapokha ngati pali china chimene anachita atafika. Ndipo dziwani kuti mukangotsegula mlandu kukhoti pa nkhani yomweyi, Ombudsman amachotsapo dzanja. Musathamangire kusuma pofuna kuwaopseza. Nayenso Ombudsman, ngakhale atapeza kuti panali kulakwitsa, angangolangiza kuti akupepeseni, akonze kagwiridwe ka ntchito, mwina ndi kandalama kochepa. Musayembekeze mtengo wa shopu.

Sabata ino lembani dandaulo, muikemo tsiku la ngozi, nthawi imene munaimba 999, ndi chimene mukufuna kuti achite. Sungani kope ndi umboni woti linafika. Pemphani lipoti la ngoziyo ndi kaundula wa nthawi: pamene foni inalandiridwa, pamene galimoto inanyamuka, ndi siteshoni imene inachokera. Madera ena amalipiritsa lipotili. Mukafuna ziwerengero za dera lonse, pemphani pansi pa Freedom of Information Act 2000, lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku mabungwe a boma; ayenera kuyankha m'masiku 20 ogwira ntchito. Malipoti a HMICFRS, bungwe loyendera ntchito za apolisi ndi ozimitsa moto, amapezeka pa intaneti ndipo angakuthandizeni kuonetsa ngati kuchedwa n'chizolowezi, ngakhale bungweli silifufuza dandaulo la munthu payekha.

Nthawi yokasuma kukhoti ili ndi malire: zaka 6 pa mlandu wa katundu wowonongeka, zaka 3 pa wa kuvulala. A inshuwalansi auzeni zonse musanasaine chilichonse, chifukwa ndalama yanu yeniyeni mwina ili kumeneko. Khansala uja musamutaye: mpatseni kope la dandaulo, akafunse ku komiti chifukwa chimene galimoto inachedwera. Ndipo muonane ndi loya wa kumeneko kapena a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, mutanyamula mapepala onsewa mwezi uno usanathe.