Funsani Katswiri: Pulinta imodzi, makompyuta atatu

Funso: Kunyumba tili ndi kompyuta ya patebulo yolumikizidwa ku pulinta ndi chingwe cha USB, komanso malaputopu awiri a ana. Mwana akafuna kusindikiza ntchito ya kusukulu amayamba wakopera pa fulashi, ndipo fulashiyo yatibweretsera kale mavairasi. Tonse timagwiritsa ntchito Wi-Fi imodzi. Kodi pali njira yoti azisindikiza ali pa laputopu pomwepo? *Mayi wa ku Chilenje*

Yankho: Njira ilipo, Mayi, ndipo simutulutsa ngwee. Chongodziwiratu n'chakuti kompyuta ya patebuloyo ndiye khomo lolowera ku pulinta. Ikazima kapena ikagona, palibe wosindikiza.

Yambani ndi pomwe ambiri amakodwa. Pa makompyuta onse atatu tsegulani Settings, kenako Network & internet, mulowe pa Properties ya netiweki yanu n'kusankha Private. Ikakhala pa Public, Windows imabisa kompyutayo kuti ina isaione. Zimenezo n'zabwino pa Wi-Fi ya anthu onse ku Manda Hill, koma m'nyumba mwanu zikutanthauza kuti makompyuta atatu ali pa rauta imodzi ngati anthu okwiyitsana. Mukatero pitani pa Advanced sharing settings, muyatse Network discovery ndi File and printer sharing.

Kompyuta ya patebulo ipatseni dzina losavuta kukumbukira. Pa Settings, System, About pali Rename this PC. Lembani PATEBULO, kapena dzina lina losapitirira zilembo 15 komanso lopanda mipata, n'kuizimitsa ndi kuiyatsanso. Kenako pa Printers & scanners sankhani pulinta yanu, tsegulani Printer properties, ndipo pa Sharing chongani Share this printer.

Tsopano ku laputopu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani \\PATEBULO n'kudina Enter. Ikufunsani dzina ndi pasiwedi, ndipo apa mpomwe ana amataya mtima. Ikufuna akaunti ya pa kompyuta ya patebulo, osati ya pa laputopu, komanso PIN ya manambala ija siigwira. Chanzeru n'kutsegula akaunti yapadera pa kompyuta ya patebulo, tinene kuti «ana», yokhala ndi pasiwedi yakeyake, kuti yanu isayende m'nyumba monse. Chongani Remember my credentials kuti isamafunse tsiku lililonse. Pulinta ikaoneka, dinani batani lakumanja la mausi n'kusankha Connect. Laputopu idzitengera yokha dalaivala, pulogalamu yoyendetsera pulintayo.

Ena adzakuuzani kuti mungozimitsa Password protected sharing. Ife sitikulangizani choncho, makamaka ngati pasiwedi ya Wi-Fi munagawirako alendi kapena aneba, chifukwa aliyense wolowa pa rautayo angathe kutsegula zomwe mwagawana.

Mafayilo ndi chimodzimodzi. Pangani foda imodzi, mwachitsanzo SUKULU, lowani pa Properties yake, Sharing, Share, muonjezere akaunti ya «ana». Read imawalola kuwerenga ndi kukopera kokha. Read/Write imawalola kusintha ngakhale kufufuta, ndipo fayilo yofufutidwa kudzera pa netiweki siipita mu Recycle Bin, imatheratu. Musagawe diski yonse ya C.

Mukaona uthenga wa 0x0000011b polumikiza pulinta, kawirikawiri ndiye kuti kompyuta ina inalandira ma update pomwe ina inatsalira. Vutoli linafala mu 2021 malamulo a chitetezo cha kusindikiza atakhwimitsidwa. Yendetsani Windows Update ponseponse musanayambe kukhudza zina. Ndipo musavutike kufunafuna HomeGroup, njira yakale yogawanirana mafayilo ndi pulinta: inachotsedwa mu Windows 10 mu 2018.

Funso: Pulinta yanga ndi ya Wi-Fi. Imagwira bwino, koma malaiti akapita n'kubwera, kompyuta imalemba kuti Offline ngakhale pulinta ili yoyaka. Yawonongeka? *Bambo wa ku Matero*

Yankho: Sinawonongeke, Bambo, yangosamuka nyumba osatsanzika. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yotchedwa IP address. Ikazima n'kuyakanso, marauta ambiri amayamba kugawa manambalawo mwatsopano, wofika msanga n'kutenga yoyamba. Pulinta yomwe dzulo inali 192.168.8.101 lero ingakhale 192.168.8.104 chifukwa mafoni a m'nyumba anaipitirira, pomwe kompyuta ikugogodabe pakhomo lakale.

Mankhwala ake n'kuisungira nambala yokhazikika. Pa kompyuta tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone nambala ili pa Default Gateway, yomwe ndi nambala ya rauta yanu. Marauta ambiri a Huawei amakhala pa 192.168.8.1, ena pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Ilembeni mu bulawuza, lowani ndi pasiwedi yomwe nthawi zambiri imalembedwa kunsi kwa rauta, ndipo pansi pa DHCP fufuzani Address reservation kapena IP and MAC binding. MAC address ya pulinta, nambala yake yosasintha yoizindikirira pa netiweki, muipeza mukasindikiza tsamba la network configuration pa pulintapo. Mangirirani MAC imeneyo ku nambala imodzi. Ndiyeno chotsani pulinta pa kompyuta, muionjezerenso kudzera pa Add manually, n'kulemba nambala ija. Timarauta tina ta m'thumba tilibe gawo limeneli. Zikatero nambala yokhazikikayo ilembeni pa pulinta penipenipo, musankhe yomwe rauta siigawa kwa zipangizo zina.

Magetsi akabwera, ipatseni rauta mphindi ziwiri kapena zitatu iyambe yadzuka musanayatse pulinta.

Funso: Kutumizirana mafayilo pakati pa makompyuta a pa rauta imodzi kumadya bandulo? *Wophunzira wa ku Kalingalinga*

Yankho: Ayi. Fayilo imachoka pa kompyuta, n'kudutsa pa rauta, n'kufika pa inzake osatuluka kupita pa intaneti. Ngakhale bandulo itatha, zimayendabe malinga rauta ili yoyaka. Chodya bandulo ndi OneDrive kapena Google Drive, ngati foda yanu ili m'menemo. Onetsetsani kokha kuti palibe kompyuta yomwe ili pa Wi-Fi ya Guest komanso kuti AP isolation ndi yozimitsa pa rauta, popeza ziwirizi zimaletsa zipangizo kuonana.