Ife inatigwetsa ndi tcheni, asisi

Asisi, ndawerenga zanu mpaka manja kunjenjemera, chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo. Mwalemba kuti amuna anu sanamalize Ironman ulendo watha, mpikisano uja wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga tsiku limodzi, ndipo akufuna kubwereranso? Aloleni. Koma imvani kaye zanga.

Ife timakhala ku Senga Bay. Bambo a kunyumba kwathu anakonzekera pafupifupi chaka chathunthu. Mbandakucha ali m'nyanja, msodzi wina akuwatsatira pabwato chifukwa ine ndinakanitsitsa kuti azisambira okha, nyanja ino ili ndi mvuu. Nthawi ya mwera, mu June ndi July, ankabwera atamwa madzi mimba tololo. Loweruka ndiye njinga mu msewu wa M5 kulowera ku Nkhotakota, ine pambuyo ndi galimoto yobwereka, nditanyamula madzi, nthochi ndi mbatata yophika, ndikuwatchingira ku maminibasi. Mankhwala a likodzo ndinkakumbutsa ndine. Ndalama ya ndege tinakongola ku banki m'khonde.

Tinapita ku Ironman ya ku Gqeberha ku South Africa, kuja ambiri timakutchulabe Port Elizabeth. Kusambira makilomita 3.8, njinga 180, kenako kuthamanga 42.2. Ine mantha anga onse anali pa madzi, poti a kumeneko ndi amchere, ozizira, osati ofunda ngati athu ano. Koma anatuluka pa Hobie Beach akumwetulira, maola awiri ndi mphindi 20 amene amapereka aja asanakwane n'komwe. Ndinakupiza chitenje changa chachikasu, anandiona, anakweza dzanja. Mumtima ndinati basi, chovuta chadutsa.

Kenako, ali pa njinga, pafoni panasiya kusintha. Mukudziwa mmene timawatsatira paja, foni imaonetsa pamene afika panjira. Anthu amene anali pambuyo pawo akuoneka kuti adutsa malo otsatira, iwo ayi. Ndinazimitsa foni, kuyatsanso, chimodzimodzi. Ola lathunthu. Ndinaima pa mpanda chitenje chili m'manja, amayi anzanga akukuwira amuna awo, ine maso pa ambulansi iliyonse yodutsa. Ndinafunsa mtsikana wina wothandiza pa mpikisanowo, mawu akukanika kutuluka, iye anangondigwira paphewa n'kunena kuti ndidikire. Asisi, ndinayamba kuganiza mmene ndikawauzire apongozi. Ndinaganiza za mtembo pa ndege. Ndinakhala pansi pa simenti penipeni, mkazi wamkulu ine, anthu akundilambalala.

Anabwera madzulo pa galimoto yotolera otsalira. Kachipangizo kowerengera nthawi kaja atawavula kale kumwendo. Manja bii ndi oilo mpaka m'zigongono, tcheni ataikulunga m'chibakera ngati wina awalanda. Inaduka koyamba, analumikiza, inadukanso, ndipo pamene ankalimbana nayo nthawi ya njinga inawathera. Sanalire. Anangoti, "Mayi a ana, tiyeni tizipita." Mawu okhawo usiku wonse.

Tsono tcheni imeneyo! Masabata awiri tisananyamuke tinapita nayo njinga kwa makaniko wina ku Lilongwe, tinalipira ndalama ya tcheni yatsopano, ine ndemwe ndinawerenga ndalamazo m'manja mwake. Wokonza njinga wa kumpikisano kuja ataiona anatisonyeza kuti ndi yakale, yongotsukidwa bwino, yolumikiza zidutswa ziwiri. Munthu wopanda chisoni! Chaka chonse cha mwamuna wanga, tulo tanga, ngongole imene ndinabweza mpaka December, iye kugulitsa zonsezo chifukwa cha phindu la tcheni imodzi. Titabwerako ndinapita ndekha kukamufunsa. Osachita ngakhale manyazi, akupukuta m'manja, akuti, "Mayi, zitsulo zimaduka." Mpaka lero ndikadutsa pamalo pakepo m'mimba mumanditentha. Ndiye kuwonjezera alamu anga, pamaliro penipeni anthu ali phee, akuti anzathu amapalasa kabaza kuti apeze ndalama, achimwene amalipira kuti apalase. Anthu kuseka. Bambo anangowerama.

Chimene palibe anandichenjeza ndi za kunyumba. Njinga inakhala m'katoni yake miyezi inayi. Ankadzukabe mbandakucha mwachizolowezi, n'kungokhala pakhonde kuyang'ana kunyanja. Tsiku lina pa nsima ndinati musadandaule, mudzayesanso. Anasamba m'manja n'kudzuka, chambo chili chathunthu m'mbale. Ndiye inu musathamangire kuwalimbikitsa. Khalani nawo pakhondepo, muwapatse tiyi, mukhale chete. Tsiku limene anatsegula okha katoni ija ine ndinanamizira kuti sindinaone.

Ndipo za mpikisano musalowerere kwambiri, ndi zawo, mwamuna akaona kuti mukumuyang'anira ngati mwana amafooka. Koma tcheni yokha pitani nawo, muone ndi maso anu ikutuluka m'paketi yomata. Aiike kukadali mwezi wathunthu kuti ayende nayo maulendo angapo. Anyamule kachitsulo kodulira tcheni ndi tolumikizira tiwiri, ndipo muwaimirire pabwalo aphunzire kulumikiza mpaka azichita mosaganiza. Kumbukirani kuti tsiku la mpikisano lamulo silikulolani kuwapatsa kanthu panjira, ngakhale botolo la madzi, angawachotse chifukwa cha inu. Thandizo lanu lonse limathera kunyumba.

Kuno kwathu n'kwachidikha, choncho azikwerako mapiri a mu M14 polowera ku Lilongwe, miyendo izolowere. Ngati angamve, ayambe ndi mpikisano wa theka, makilomita 1.9, 90 ndi 21.1, ngati uja wa ku Durban, mtima ubwerere m'malo. Athuwa anakana, akuti akufuna wautali womwewo umene sanaumalize, ndipo ine sindinalimbane nawo. Ndalama musakongole, chonde, sungani pang'onopang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti tikiti ikakwera mudzachita zimene ndinachita ine.

Tsiku lakelo musakaime nokha pa mpanda. Pezani mnzanu, ngakhale mayi wachilendo amene mwamuna wake ali panjira, mugwirane. Idyani m'mawa, ndipo foni ikhale yodzaza moto, chifukwa mipikisano yambiri yotere imapereka maola mpaka 17. Bambo ayambiranso kusambira mwezi watha, msodzi yemwe uja. Tcheni yodukayo ikadali mu kabati ya kuchipinda, anaikulunga m'kansalu, ndipo sindinawafunse kuti akusungiranji.