Achemwali, mwanayo asamathamangire kuchulukitsa

Eee achemwali, mwaswera bwanji ku Ulongué? Kuno ku Tete dzuwa ndi lomwe lija, latiwamba. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu chapa, minibasi zathu zija. Chithunzi cha kope la mnyamatayo ndachiona m'gulumu, ndipo mwafunsa kuti aphunzitsi amuthetheranji mafunso onse awiri. Muitaneni akhale pafupi, amve yekha malume ake.

La Física lija likuti galimoto ikuthamanga 72 km pa ola, ndiye pa mphindi 30 iyenda mtunda wotani. Iye wangotenga 72 kuchulukitsa ndi 30, wapeza 2160 km. Aa, koma mwana ameneyu! Galimoto inyamuke pa mlatho wa Samora Machel, theka la ola lokha n'kukhala itadutsa Maputo? Ngakhale ndege siyitero. Kuchulukitsako wachita bwino, vuto wasakaniza maola ndi mphindi. Liwiro lili pa ola, ndiye nthawinso ikhale ya maola. Mphindi 30 ndi theka la ola, 0,5. Tsono 72 kuchulukitsa ndi 0,5, yankho ndi 36 km basi.

Iwe, ukundimva? Aphunzitsi akamati uyambe ndi dados (zimene funso lakupatsa), kenako fórmula, kenako resolução (kuwerengera kwake), si kuti akukuzunza. Ukalemba pa dados kuti liwiro v ndi 72 km/h, nthawi t ndi 30 min, diso limaona lokha kuti h ndi min sizikugwirizana. Pa tsamba lakoli dados palibe, wangodumphira pa yankho ngati mbuzi pa mpanda. Akafuna mamita pa sekondi, gawa 72 ndi 3,6, upeza 20 m/s. Yesanso: mphindi 30 ndi masekondi 1800, kuchulukitsa ndi 20, mamita 36 000. Ndi 36 km yomwe ija.

La Química ndaseka, chifukwa ine linandigwetsanso ndili pasukulu. Funso likuti, carbono (wopezeka m'makala uja) wa magalamu 12 akapsa yense, mpweya wa dióxido de carbono, CO2, umatuluka wolemera bwanji? Walemba 12, poganiza kuti chinthu chikapsa sichingalemere kuposa poyamba. Achemwali, mukamakupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto kuti makala ayake, mumakhala mukuwapatsa chiyani? Mpweya. Oxigénio ameneyo amalowa nawo mu akaunti. Pa kulemera kwa maatomu, carbono ndi 12, oxigénio mmodzi ndi 16, mu CO2 alimo awiri, 32. Kuphatikiza, magalamu 44. Palibe chachokera kumwamba, 32 uja anali mumpweya.

Ndaonanso pansi pa tsambalo wasintha H2O, madzi, kukhala H2O2 kuti mbali ziwiri za equação zifanane. Ayi, timanambala tating'ono tapansito sitikhudzidwa. H2O2 ndi água oxigenada yotsukira zilonda ija, si madzi akumwa. Aziika nambala kutsogolo: 2H2 kuphatikiza O2 kupereka 2H2O.

Alembenso zonse ndi dzanja lake, asakopere mawu angawa, mundijambulire usiku uno ndione. Moni kwa alamu, ndipo mbatatesi munalonjeza ija sindinaiwale.