Printa yanu siinafe, ndi adiresi yomwe ikungosinthasintha

Sabata yathayi wina wanditumizira email kuti printa ya kuofesi kwawo imangosowa pa netiweki, lero ikugwira mawa kompyuta ikuti siikuiona, ndiye akufunsa ngati angolowa mu settings ya printayo n'kulembamo IP address (nambala yomwe chipangizo chimapezekera pa netiweki) yosasintha. Nditawerenga ndinaseka kaye kenako mtima unandiwawa, chifukatu ine zimenezi zinandidyera masiku atatu athunthu.

Ndinali nditangoyamba kumene kuthandiza za makompyuta pa kaofesi kena ka anthu 8, ndikudzimva ukatswiri. Printa inali ndi vuto lomweli, ine kudina timabatani take tija n'kulemba 192.168.1.20, basi yayamba kugwira, aliyense kundiyamikira. Osalemba paliponse. Patapita miyezi zinayambiranso koma mopengetsa, mmawa wina ikugwira wina ayi. Ndinasintha chingwe, ndinachotsa driver (pulogalamu yoyendetsa printa pa kompyuta) n'kuikanso, mpaka ndinauza abwana kuti printayi yatha agule ina (mpaka pano ndikakumbuka manyazi amandigwira). Chonsecho wolakwa ndinali ine. Rauta ija inkagawa maadiresi kuyambira .2 mpaka .254 ndipo sinkadziwa kuti .20 ndinapereka kale pamanja. Printa tinkaizimitsa usiku, ndiye foni ya mayi wina wa ku accounts amene ankalawirira kwambiri inapatsidwa .20 yomweyo, printa poyaka ikupeza pamalo pake pali mwini wina. Tsiku loti mayiwo sanabwere, printa bwinobwino!

Ndiye ndinene mosabisa, kulemba adiresi pamanja mkati mwa chipangizo ndi ulesi wooneka ngati luso. Anzanga ena amalimbikira zoti adiresi yolemba pamanjayi, yomwe amati static, ndi yabwino poti rauta ikafa printa imakhalabe ndi adiresi yake. Chabwino, nanga muzisindikiza kuchokera pati? Makompyuta enawo nthawi ya maadiresi omwe rauta inawabwereka ikatha adzipatsa okha maadiresi ena oyamba ndi 169.254, printayo osaionanso. Static ndimaivomereza pa rauta yeniyeniyo ndi pa seva yogawa maadiresi ngati muli nayo yapadera, kwinako ayi. DHCP, njira yomwe rauta imagawira maadiresi yokha, ilipo kuchokera mu 1993 ndipo ntchito yake ndi yoti munthu asamayende ndi kope la maadiresi m'thumba. Imabwereketsa adiresi kwa nthawi yoikika, theka la nthawiyo likakwana chipangizo chimapempha kuti chiwonjezeredwe, koma chikakhala chozima mpaka nthawi kutha adiresi ija ikhoza kupita kwa wina, printa n'kupatsidwa ina pomwe kompyuta ikuisakabe pa yakale, n'chifukwa chake printa yanu ikumasowa Lolemba.

Kulankhula za mafoni, amenewa ndiye amandikwiyitsa pawokha. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 foni imabisa MAC address yake yeniyeni (nambala ya kufakitale yomwe rauta imazindikirira chipangizo) n'kumagwiritsa ntchito yopeka pa WiFi iliyonse. Kuti asamakulondoleni ndi zabwino ndithu, koma ine ndinasungirapo foni adiresi mu rauta pogwiritsa ntchito MAC yeniyeni ya mu About phone, ola lonse ndikudabwa kuti bwanji sikutheka.

Chochita

Ilekeni printayo pa DHCP. Pezani MAC address yake, ndi manambala ndi zilembo 12 zolembedwa ziwiriziwiri, zimakhala pa sitika kumbuyo kapena pa pepala la network configuration lomwe printa imatulutsa yokha. Samalani, ya WiFi ndi ya chingwe n'zosiyana, tengani ya njira yomwe mukugwiritsa ntchito. Lowani mu rauta, sakani pomwe palembedwa DHCP reservation, pa TP-Link amati Address Reservation, kwina static lease, ikani MAC ija ndi adiresi yomwe mukufuna kuti rauta izipatsa printayo nthawi zonse, sevani, zimitsani printa n'kuiyatsanso. Pa makompyuta mungafunike kuiwonjezeranso kamodzi ndi adiresi yatsopanoyo. Ndipo mukadzagula rauta ina mndandandawo susamuka wokha, ujambuleni lero lomwe.