Kuwala kwachepa pa spectrometer: kodi bandulo ya faiba yathyoka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogwira ntchito mu labotale ina kuno ku Lusaka. Akuti anagula bandulo ya timafaiba 7 (timaulusi tagalasi tonyamula kuwala, tokhala m'chingwe chimodzi), tomwe mbali imodzi tinamangidwa mozungulira, mbali inayo tinandandalikidwa pamzere. Aimanga pa spectrometer, makina oyeza kuwala molekanitsa mitundu yake, koma kuwala kofika m'makinamo n'kochepa kwambiri. Funso lawo n'lakuti aitaye n'kuitanitsa ina?

Mayi, musafulumire. Katundu ameneyu ndi wodula, komanso amatenga masabata kuti afike kuchokera kunja.

Poyamba imasuleni mbali zonse ziwiri. Walitsani tochi ya foni kumbali yozungulirayo, kenako yang'anani mbali inayo ndi galasi lokulitsa zinthu. Muyenera kuona timadontho 7 towala. Kadontho kozima ndiye kafaiba kothyoka. Koma chonde, musayese zimenezi ndi laser kapena nyali ya deuterium (yotulutsa UV, kuwala kosaoneka koma kowononga maso), maso alibe sipeya.

Ngati tonse tikuwala, ine ndikuganiza kuti vuto lili pa kamangidwe. Kuwala kumalowa mu spectrometer kudzera pa kampata kopapatiza kotchedwa slit, kamene nthawi zambiri m'lifupi mwake ndi ma micron 10 mpaka 200 okha (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Mzere wa timafaiba uja anaupangira kampata kameneka, ndiye uyenera kuima motsatana nako. Tsono cholumikizira cha mtundu wa SMA 905, chomangira bandulo ku makina, chilibe kamano koletsa kuzungulira, chimangolowa mulimonse mmene mwachigwirira. Mzere ukagona chopingasa, kuwala kumangolowa kwa kafaiba kapakati, tinato tikuwalitsa chitsulo. Masulani nati ya cholumikiziracho pang'ono, yatsani nyali yotumiza kuwala mu bandulo, maso akhale pa kompyuta, muzipotoza kachitsulo ka kunsonga kwa bandulo pang'onopang'ono ngati mukusaka siteshoni pa wailesi yakale. Manambala akafika pamwamba penipeni, gwirani kachitsuloko ndi dzanja limodzi, linalo limange nati, chifukwa pomanga kamakonda kutembenukanso. Mangani ndi zala basi, pulayasi ikhale kutali. Ine ndimalembapo kamzere ndi maka kuti mawa ndisayambirenso.

Onaninso mmene chingwecho chagonera patebulo. Faiba ndi galasi, ikapindika kwambiri kuwala kumathawira m'mbali, ndipo pakapita nthawi imasweka. Faiba yonenepa ma micron 200 yokhala pamalo amodzi nthawi yaitali, musaikhote mopanikiza kuposa bwalo lotalika masentimita 8 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Ine ndinatayapo masana onse ndikunamizira nyali, osadziwa kuti mnzanga anamanga chingwe ku mwendo wa tebulo ndi tizingwe tapulasitiki, n'kukoka ngati akumanga thumba la makala. Chigwiritseni ndi chopanira chomasuka pafupi ndi makina, kuti kulemera kwake kusakoke cholumikizira.

Nanga fumbi lathuli? Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, limalowa ngakhale mawindo ali otseka. Pukutani nsonga ndi isopropyl alcohol ya 99 peresenti pa kapepala kopukutira malenzi. Sipiriti yofiirira ya m'mashopu ija ayi, imasiya utoto. Mukamasula, bwezerani tizipewa take nthawi yomweyo.

Simunandiuze kuti mukuyeza kuwala kwa mtundu wanji. Ngati kuchepako kuli pansi pa ma nanometer 300 pokha (muyeso wa utali wa mafunde a kuwala, ndipo kumeneku n'kudera la UV), werengani pepala limene linabwera ndi bandulo. Faiba yolembedwa kuti low-OH anaipangira infrared (kuwala kosaoneka kwa mafunde aatali), pomwe UV imafuna yolembedwa kuti high-OH, ndipo nyali ya deuterium imadetsa faiba wamba m'kupita kwa nthawi. Zikatero ndiye mufunikadi ina, yolembedwa kuti solarization-resistant, kutanthauza yosada msanga ndi UV. Mundilembere manambala amene mwapeza musanapotoze ndi mutapotoza.