Kankhani kokonzekeretsa mwana amene akupita kwa agogo koyamba

Mayi wina wa ku Manchester watilembera imelo. Mwana wake wa zaka 5, wobadwira komweko, akupita kwa agogo ake ku Dedza mu Disembala, ndipo mayiyu akufuna kumulembera kankhani komukonzekeretsa. Akufunsa kuti aikemo chiyani.

Amayi, sankhani chinthu chimodzi chokha chimene chidzamudabwitse mwanayo, nkhani yonse izungulire pamenepo. Ambiri amathiramo zonse, nsima, chimbudzi cha panja, kugwada, udzudzu, mwana n'kungoona ngati akupita kokalangidwa. Mawu 400 mpaka 500 ndi okwanira, masamba 12, tsamba lililonse chithunzi chake.

Ife tingasankhe nkhani ya chibale, chifukwa apa ndi pamene ana obadwira kunja amasokonezekera kwambiri. Kusukulu anaphunzira kuti mayi ndi mmodzi. Kumudzi adzapeza mayi aang'ono ndi mayi aakulu, ana awo ndi abale ake enieni, pomwe asuweni ndi ana a amalume ndi a azakhali okha. Ndiye mwana wa m'nkhaniyo aziwerenga amayi ake ndi zala, tsamba ndi tsamba, mpaka afunse kuti, "Kodi ndili ndi amayi angati?" Mawu achibalewa musawamasulire m'Chingerezi, chithunzi chiwafotokoze.

Cholakwika chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti m'nkhani zotere mwana wochokera kunja amakhala woseketsa yekha, onse akumudzi n'kumamukonza. Agogo nawonso adabwe. Amve kuti ku England mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, agwire pakamwa, pamene kwawoko mvula ikugwa, mango akupsa, ngumbi zikutuluka. Mwanayo akhalenso ndi choti aphunzitse anzake, kaya ndi kanyimbo ka kusukulu.

Miyambo muionetse m'zochita, osati mwa malangizo. Agogo atenge nthochi m'lichero, mwana atambasule dzanja limodzi, msuweni wake amukodole, kenako alandire ndi manja awiri. Basi, osawonjezera ndemanga.

Powerenga, yambani ndi "Padangokhala," mumuphunzitse kuyankha kuti "Tili tonse." Muzimuwerengera usiku uliwonse kwa milungu iwiri kapena itatu ulendo usanafike, ndipo ngati muli ndi zithunzi zenizeni za achibale pa WhatsApp, zisindikizeni muzimate pamasambawo, dzina lachibale pansi pa nkhope iliyonse.